Njinga Ikazima Pakati pa Cateme ndi Moatize

Aliyense amene amayenda mumsewu waukulu wochokera ku Tete, kudutsa ku Moatize mpaka kuchipata cha Zóbuè, akudziwa kuti njinga yamoto ndiyo yasanduka miyendo ya anthu ambiri. Imanyamula matumba a makala, mbuzi, madengu a tomato, mayi woyembekezera wothamangira kuchipatala, ngakhalenso mlaliki wopita kumudzi kumene galimoto sifika. Koma mumsewu womwewo timaonanso chinthu chomvetsa chisoni: munthu wamkulu bwinobwino, thukuta lili kamukamu, akukankha njinga yake padzuwa mtunda wautali, pamene chimene chaizimitsa ndi kanthu koti akanakakonza yekha patsinde pa mtengo m'mphindi khumi. Mwezi uno tafuna tikambirane mmene munthu amaphunzirira kukonza njinga yake, ndi mmene mantha ogwira sipanala amathera.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kwambiri ife a ku Chipanga. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 ochokera ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kuti ikumbe malasha. Ena anapita ku 25 de Setembro m'tauni momwemo, koma mabanja oposa 700 anakawakhazika ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Moatize. Ku Chipanga msika unali pakhomo. Munthu ankaumba njerwa zake, kuotcha, ogula nkumadzamupeza pauvuni pomwepo. Ku Cateme mtunda ndiwo unasanduka msonkho wa tsiku ndi tsiku. Mgodi unayamba kutulutsa malasha mu 2011, mu 2022 unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan, koma makilomita aja sanafupike ngakhale ndi phazi limodzi. Choncho kwa mabanja ambiri njinga yamoto yalowa m'malo mwa chikombole cha njerwa. Ikagona masiku atatu kugalaja, ndiye kuti ufa wa masiku atatu wagonanso komweko.

Tsono nchifukwa chiyani munthu amene ankadziwa kupanga uvuni wa njerwa zikwizikwi, nkuuotcha osapsereza, amanjenjemera akamuuza kuti amasule pulagi? Ife tikuona kuti si umbuli ayi. Njingayo anaigula ndi ndalama zimene anasonkhanitsa movutika, mwinanso za ngongole, ndiye amaopa kuti akaigwira molakwika ataya zonse. Komanso injini ndi yotsekeka, sioneka m'kati, ndipo chinthu chosaoneka m'kati anthu amachiyesa chamatsenga. Mantha otere satha ndi mawu olimbikitsa. Amatha pamene munthu wamasula chinthu chimodzi chotsika mtengo, nkuchibwezera, njinga nkulira monga kale.

Chinsinsi chake nchaching'ono. Kuti injini ya njinga ilire imafuna petulo, mpweya ndi moto, ndiponso kuti pisitoni ipanikize bwino zinthuzo. Njinga ikazima, wodziwa safulumira kumasula chilichonse, amafunsa zinthu zimenezi chimodzichimodzi. Kodi petulo alimo, nanga kampopi ka pansi pa thanki nkotsegula? Ambiri akankhapo njinga pamene akanangotembenuzira kampopiko ku petulo wotsalira wa pansi. Akatero amachotsa pulagi, imene kuno ambiri timaitcha vela pamene abale athu a ku Mwanza amati pulagi, naibwezera m'kapu yake, naigunditsa kuchitsulo cha injini, kenaka naponda kiki. Ikathetheka moto wobiriwira, vuto lili kwina. Ikapanda kuthetheka, mwina pulagi yatha, mwina waya wina wamasuka. Apa tichenjeze: musagwire chitsulo cha pulagi ndi dzanja poponda kiki, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi.

Pulagi imeneyi ndi mphunzitsi wabwino kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa nsonga yake imanena zimene zikuchitika m'kati. Ikakhala yofiirira ngati njerwa yopsa bwino, injini ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri ndi sefa ya mpweya imene yatsekeka. Ikayera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Ikanyowa ndi oyilo, ndiye kuti za m'kati zayamba kutha, ndipo imeneyo ndi nkhani ya makaniko. Mpata wa pansonga pake pa njinga zing'onozing'ono zathuzi umakhala pafupifupi mamilimita 0.7. Munthu amene waphunzira kuwerenga pulagi sanamizidwanso wamba.

Tinene za fumbi, pakuti kwathu kuno ndilo mdani wamkulu. Amene amakhala ku Moatize safunika kumuuza. Amaliona pa zovala zimene wayanika ndi pa ufa umene waanika pamphasa. Fumbi lomwelo injini imalikoka pamodzi ndi mpweya. Sefa ikatsekeka njinga imafooka nkumamwa petulo wambiri, ndipo ena pofuna kuti iziyenda msanga amangoichotseratu sefayo. Kutero nkudyetsa injini mchenga. Sefa ya siponji imachapidwa ndi sopo, kuiumitsa bwinobwino, kuinyowetsa pang'ono ndi oyilo, nkuifinya. Ya pepala sichapidwa, imangogwedezedwa, ikada kwambiri imasinthidwa. Ntchito yonseyi sifuna chida china koposa chomasulira masikulu.

Pambali pa fumbi pali kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa cha Zambezi kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo njinga zathu zilibe madzi oziziritsa injini. Zimadalira mphepo ndi oyilo basi. Wina akweze anthu awiri ndi thumba la chimanga, ayambe kukwera zitunda za ku Zóbuè masana, oyilo wake ali wakuda bii wa miyezi isanu: akuphika injini yake yekha. Oyilo amene amalowa ndi pafupifupi lita imodzi yokha. Amamukhetsa injini ikadali yofunda, ndipo pa njinga zambiri pali kasefa ka waya kamene kamachapidwa nthawi yomweyo. Akhale oyilo wa njinga yamoto, chifukwa kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka. Pobwezera bawuti musakunge ngati mukumanga ng'ombe yolusa. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, mazinga ake amaphwanyika msanga, ndipo ophunzira ambiri cholakwa chawo choyamba chimakhala chimenechi. Oyilo wakaleyo musamutaye pafupi ndi chitsime.

Mwina zingakulimbitseni mtima kudziwa kumene injini zimenezi zinachokera. Mu 1975 kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga yotchedwa CG125. Akatswiri ake anali ataona kuti m'maiko otentha ndi osauka anthu amakweza katundu wambiri, amayenda m'fumbi, ndipo amachedwa kusintha oyilo, motero anapanga injini yosavuta, yopirira, yoti munthu wamba angathe kuisamala ndi zida zochepa. Njinga zambiri zochokera ku China zimene zadzaza m'misika yathu zinatengera kapangidwe ka injini imeneyo. Kunena kwina, chimene mukuchiopacho anachipanga dala kuti inu muchithe. Palinso phindu lina: ku Brazil njinga ya CG akhala akuipanga kuyambira mu 1976 ndipo njofala kwambiri, choncho pa YouTube pali makanema ochuluka a m'Chipwitikizi osonyeza mmene amaikonzera. Mnyamata amene anaphunzira sukulu kuno angathe kuwamva popanda womasulira.

Komabe foni siingalowe m'malo mwa munthu. Amakaniko ambiri amene tikuwadziwa sanaphunzire m'kalasi. Anayamba ngati othandizira pagalaja ya pansi pa mtengo: kutsuka zitsulo, kupopa matayala, kupatsira bwana sipanala ya 10 ndi ya 14 mpaka kuzizindikira ndi maso osawerenga nambala. Pakapita miyezi khutu limayamba kusiyanitsa kulira kwa mavavu omasuka ndi kugogoda kwa m'kati. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngakhale Soichiro Honda mwini wake, mwana wa wosula zitsulo amene ankakonzanso njinga zakapalasa, atapita ku Tokyo mu 1922 ali ndi zaka 15 kukaphunzira pagalaja, miyezi yoyamba ntchito yake inali kusesa ndi kulera mwana wa bwana wake.

Koma tisabise mawu kwa amisiri athu. Kudekhetsa wophunzira ndi kwina, kumumana nzeru ndi kwinanso. Alipo amakaniko amene mnyamata amatha nawo zaka ziwiri akungotsuka zitsulo, ndipo ikafika nthawi yotchera mavavu kapena kutsegula kabureta amamutuma kukagula fodya. Alipo amene mwini njinga akafunsa chimene chinavuta amangoti, “Bwana, zimenezi nzathu,” nkumulipiritsa ngati asintha injini pamene angopukuta pulagi. Mmisiri wotere amayesa kuti akuteteza malonda ake, koma anthu akamuzindikira amapita kwa mnzake amene amafotokoza. Ndipo akamwalira luso lake limapita naye kumanda. Pakati pathu pali madala amene anagwirapo makina akuluakulu m'migodi ya Carbomoc, ija inkatchedwa ndi dzina la Chipanga lomweli, ena anaphunzitsidwa ndi amisiri ochokera ku East Germany. Akungokhala pakhonde, pamene adzukulu awo akukankha njinga mumsewu. Achinyamata, kodi munapitako kukawafunsa? Safunsa anadya phula.

Kwa inu amene simukufuna kukhala makaniko, koma mungofuna kudziwa njinga yanu, njira yake ndi iyi. Mukaipereka kugalaja musapite kukakhala kumsika. Khalani pomwepo, penyani, funsani mwaulemu, ndipo chitsulo chimene achotsa mupemphe akupatseni kuti muone mmene chathera. Tsiku lina yesani nokha kunyumba, m'mawa, mulibe ulendo wofulumira. Yalani thumba loyera pansi, chilichonse chimene mwamasula muchiike motsatana kuyambira kumanzere, kuti pobwezera muyambire kumanja. Ngati muli ndi foni jambulani musanamasule. Yambani ndi tcheni: chisakhale chokungika ngati ng'oma, chizigwedezeka masentimita awiri kapena atatu pakati pake, ndipo posuntha gudumu lakumbuyo timizere ta mbali zonse ziwiri tifanane. Mukatero bwerani ku pulagi, sefa, oyilo, kumata chubu. Ambiri a ife tinakulira pa njinga yakapalasa, choncho chubu ndi tcheni si zachilendo m'manja mwathu.

Amayi ndi atsikana, mawu awa ndi anunso. Mayi amene amamasula makina osokera, kuwathira mafuta ndi kuwatchera ulusi, palibe chimene chingamukanike pa pulagi.

Ena amavutika ndi petulo wa m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu. Sitikunyoza ogulitsa, pakuti popanda iwo kumidzi sikukanayendeka, koma botolo limatha kukhala ndi litsiro kapena madontho a madzi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, amakakhala pansi pa kabureta, njinga nkumadukizadukiza. Pansi pa kaburetayo pali kasikulu kokhetsera. Mukatseka kampopi, kumasula pang'ono, nkukhetsera m'chitini, madziwo amatuluka. Kasefa kakang'ono ka papaipi ya petulo nkotchipa kuyerekeza ndi mavuto amene kamaletsa.

Tsono pali malire, ndipo kudziwa malire ndi mbali ya luso lomwelo. Munthu akakonza zinthu zitatu bwinobwino mtima umayamba kumuuza kuti palibe chomukanika, ndipo mawa lake mumamupeza wang'amba injini pakati, timagiya tili mbwee pamchenga. Kutsegula injini, kusintha pisitoni, kulondola mawaya a magetsi, zimenezo zimafuna zida zake ndi munthu amene anazichitapo. Amene mtima wake wakokeradi kumeneko akafunse za maphunziro a ntchito zamanja a IFPELAC kapena kusukulu ya Dom Bosco ku Matundo, kapena akadzipereke kwa mmisiri wokhulupirika kwa nthawi yokwanira.

Pa mabuleki ndiye tisachite masewera, chifukwa pamenepo sipali ndalama zokha koma moyo wa amene mwamukweza. Mukawagwira, yesani njingayo pabwalo, pang'onopang'ono, wakutsogolo payekha ndi wakumbuyo payekha, musanakweze munthu. Zomangira za gudumu zionedwe kawiri. Ndipo chizolowezi chija chozimitsa injini potsika zitunda za ku Zóbuè pofuna kupulumutsa petulo tichisiye. Njinga ikamatsika ili m'giya, injini imathandiza kuigwira; mukaizimitsa nkuichotsa m'giya, katundu yense amatsamira pa mabuleki okha, amatentha, ndipo pofika pokhota mumaponda koma njinga osamva. Mumsewu umenewu mumadutsa malole akuluakulu opita ku Malawi, ndipo lole yodzaza katundu siima pafupi. Chipewa chotetezera mutu chikhale pamutu, lamba wake womanga, osati kuchikoleka pachiwongolero kuti muchivale mukaona apolisi.

Musananyamuke ulendo wa ku Cateme kapena ku Zóbuè, m'kachikwama ka pansi pa mpando mukhale pulagi yatsopano ndi sipanala yake, masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, pulayazi, chomasulira masikulu, zomatira chubu, kampampu, ndi kolumikizira tcheni kamodzi.