Chizungu cha Thonje

Angerezi ali nalo dzina la matenda athuwa: bombast. Kale mawuwa ankatanthauza thonje lolonga m'zovala kuti wowonda aoneke wojintcha. Thonje lomwelo ndi limene tikudyetsa asodzi a ku Nkhotakota.

Ndinaona bwana wina akufotokoza za kutseka nyanja mu Novembala ndi Disembala. Pakamwa pake panangotuluka stakeholders, sustainability, sensitization. Asodzi anawomba m'manja, m'mawa mwake n'kukaponya makoka pomwe chambo chimaswana. Wolakwa ndani?

Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma ophunzirafe, ngakhale alembife, timayesabe kuti mawu ovuta ndiwo nzeru. Abale, ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Tingonena kuti: chambo chikuswana, chilekeni.