Atitumizira mwana, ife taona bwana

Pali matenda ena amene ufulu wa 1964 sunachize. Amagona phee m'nyumba zathu za m'tauni, koma akangomva kuti kukubwera mwana wachizungu kudzakhala nafe, amadzuka ndi ukali woposa malungo a m'dzinja. Bambo wa ndevu zake amayamba kunjenjemera pamaso pa kamwana ka zaka 16. Mayi wolera ana asanu amayamba kukayika ngati nsima yake ili yoyenera kudyedwa ndi munthu. Abale anzanga, tisanamizane: kumeneku n'kudzinyoza, ndipo tikukutcha ulemu pofuna kubisa manyazi.

Ndikunena za ana a sekondale ochokera kunja amene amadzagona m'makomo mwathu pa zimene amati kusinthana ophunzira. Ena mwa iwo amachokera ku Scotland, dziko limene mu 2005 linasainirana pangano la ubale ndi Malawi kudzera mwa Jack McConnell ndi Bingu wa Mutharika, ndipo sukulu zambiri za uko ndi za kuno zinapalana ubwenzi. Ganizo lake ndi labwino. Tikuliononga ndife, mothandizana ndi eni ake anawo.

Kodi mwambo umenewu unayamba bwanji? Unabadwa pa phulusa la nkhondo. Bungwe la AFS linali la madalaivala a maambulansi amene ankatola ovulala pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Atatopa ndi kunyamula mitembo, mu 1947 anayamba kutenga ana a maiko ena kukakhala ku America. Mu 1951 achinyamata a ku Germany anapita kukakhala m'mabanja a ku Michigan, patangotha zaka 6 makolo awo ataleka kuomberana ndi eni nyumbazo, ndipo apo ndi pamene panaphukira bungwe la Youth For Understanding. Nzeru yake inali yoti munthu amene wadya naye m'mbale imodzi n'kovuta kumuyesa chilombo. N'chifukwa chake ku America malamulo saloleza kulipira banja losunga mwana wotere. Akafika amatsuka mbale, amatsata malamulo a pakhomo, akalakwa amadzudzulidwa. Amakhala mwana wa nyumbayo, basi.

Tsono taonani zimene timachita ife. Kwathu ku Chilomoni tinasungapo mtsikana wa zaka 16 wa ku Scotland kwa milungu itatu, popeza sukulu ya mlongo wanga ili pa ubale ndi sukulu ya kwawo. Asanafike, komiti yoyendetsa ulendowo inaitana makolo n'kuwawerengera malamulo: musam'patse nsima ya mgaiwa, musam'tume ntchito, musam'kweze minibasi, muzilankhula naye Chingerezi chokhachokha, ndipo ngati mipando yanu ili yong'ambika kabwerekeni kwa aneba. Banja lina linatumiza agogo kumudzi kuti mlendo asaone nkhalamba yoyenda chopanda nsapato. Agogo! Mwini mbumba kupirikitsidwa ngati mbuzi yolowa m'dimba, chifukwa cha mwana amene sanalembe n'komwe mayeso otsiriza a sekondale!

Mayi anga anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti, "Kodi akubwerayu ndi mwana kapena ndi nduna?" Anam'pachikira neti, anam'wiritsira madzi akumwa, ankaonetsetsa kuti akumwa mankhwala ake oteteza malungo, pakuti thupi losazolowera silichita masewera ndi udzudzu. Kupatula apo palibe chimene chinasintha. Anagona chipinda chimodzi ndi mlongo wanga. Ankasesa pabwalo m'mamawa. Madzi atasiya kutuluka pampopi ananyamula chigubu pamodzi ndi anzake. Anapsa zala ndi nsima, anachita tsinya ndi therere tsiku loyamba, tsiku lachitatu anapempha lina. Atabwera kutada osatsanzika, mayi anam'kalipira monga amatikalipirira ife, iye nalira, napepesa. Anachoka akudziwa kugwada popereka madzi kwa akulu ndiponso kukhala chete pa siwa. Anzake amene anadyetsedwa tchipisi ndi soseji milungu yonse itatu anabwerera ndi zithunzi za ku nyanja zokha. Iwowo anaona Malawi uti?

Koma chimene chinandipsetsa mtima koposa ndi mzere wa pakhomo. Abale amene tinaonana nawo komaliza pa maliro a chaka chatha anakumbukira njira mwadzidzidzi, aliyense ndi kalata m'thumba. Uyu akufuna fizi, uyu malata a tchalitchi, uyu foni, uyu adiresi ya bambo ake a mtsikanayo. Mkulu wina wovala suti anam'pempha kuti akam'funire ntchito ku Glasgow. Mtsikana amene ndalama ya ulendo wake anaipeza pogulitsa makeke ndi kutsuka magalimoto! Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ife mbali yoyamba ya mwambiwu tinaitaya, tinangosunga ya kuchenjera manja.

Wina anena kuti, "Iwe mtolankhani, njala ilibe manyazi." Ndikudziwa. Ine ndemwe ndinasiyira yunivesite panjira chifukwa cha fizi, ndipo ululu wake palibe angandiphunzitse. Koma fizi ya mwana wa Mmalawi tikaifunse kwa amene timawavotera ndi kuwakhomera msonkho. Kuisenzetsa kamwana ka eni ake, kamene kasiya mayi ake kutali ndipo usiku kamalira ndi kupukwa, n'kulakwira mwanayo ndi kudzichotsera ulemu tokha. Akabwerera kwawo akafunsidwa kuti, "Amalawi ndi anthu otani?" Ayankha zimene anaona pakhomo panu.

Tsopano ndicheukire kwa anzathu otitumizira anawo, pakuti nawonso sali oyera m'manja. Mumati kusinthana. Kusinthana kotani kumene ndege imadzaza pobwera kokha? Mu 2024 boma lathu linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, kuphatikizapo Britain ndi America, kuti azingolowa ngati kwa amalume awo. Nanga iwo? Mu 2019 aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Britain, kuphatikizapo gulu loona za ubale ndi Malawi, anatulutsa lipoti lonena kuti munthu wa mu Africa amakanizidwa viza yokacheza kumeneko kowirikiza kawiri, n'kupitirira, poyerekeza ndi anthu a kumbali zina za dziko. Mu 2025 America inalamula kuti Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna viza yokacheza azisiya chikole chofika madola 15,000. Mwana wawo amalowa m'nyumba mwathu ndi kachikwama kumsana. Wathu ayenera kutsimikizira mlendo amene sanamuonepo kuti sakathawa, ndipo umboni wake ndi sitetimenti ya ku banki ya makolo ogulitsa mandasi.

Zinthu ziwirizi zimadyetsana. Iwo amatiyesa anthu ofuna kuthawa kwathu, ndiye ife tikalandira mwana wawo timabisa nsima, timabisa agogo, timabisa chilankhulo, n'kumupempha kuti atitenge. Kodi sitikuwapatsa tokha umboni wotikanira? Munthu wochita manyazi ndi nyumba yake, ndani angakhulupirire kuti akapita adzabwererako?

Inu akuluakulu amene munakhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London nthawi imene kuno kunali kosakhalika, mukuidziwa bwino nkhaniyi. Nyumba imene mumaikumbukira mpaka lero ndi imene anakupatsani mbale yofanana ndi ya ana awo, nakutumani kumsika ngati wa pakhomo. Ndipo dziko lino linasungapo anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Ndani anabwereka mipando chifukwa cha iwo? Lero sukulu itanena kuti kukubwera mwana wa ku Tete kapena ku Chipata, kodi agogo angatumizidwe kumudzi? Yankho mukulidziwa, ndipo likutiuza kuti chimene tikugwadira ndi khungu.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti anu, musasaine ubale ndi sukulu ya kunja popanda kulemba kuti ana athu angati adzapita, chaka chiti, ndipo ndani adzalimbana ndi za viza. Ngati abwera khumi, apitenso khumi, ndipo asankhidwe poyera, asakhale ana a m'komiti okhaokha. Inu a sukulu za kunja, mukaona ana athu akanizidwa viza, kadandauleni kwa aphungu anu ndi mphamvu yomwe mumasonkhanitsira ndalama za ulendo wa ana anu. Ndipo inu makolo anzathu, tsekulani chitseko ndi mtima wonse, pakuti mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, koma am'peze nyumba ili monga imakhalira. Abale a makalata muwabwezere pa geti. Agogo akhale pa mkeka wawo, ndipo mwanayo akawapatse moni atagwada. Mchere ukatha, m'tumeni akapemphe kwa aneba monga mumatumira wanu.