Tisankhe Mwamayere Anthu Oyezedwa Magazi

Anthu amene amafika pachipatala cha Lundazi ndi amene adwala kale kapena amakhala pafupi ndi boma, choncho magazi awo okha sangatiuze mmene matenda amakulira m'midzi ya kwa Mwase. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anasankha nyumba mwamayere, napeza kuti m'Zambia anthu 11 mwa 100 alionse azaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi HIV. Ena amati ochepa sangaimire onse, komatu chimene chimapotoza chiwerengero ndi kukondera posankha. Zoonadi, kutsatira anthu zikwizikwi kwa zaka zambiri kuti tione amene adzadwale kumadya ndalama, koma njira ya Ross Prentice ya 1986 imachepetsa mtengowo: magazi a onse amasungidwa, ndipo oyezedwa ndi a amene adwala pamodzi ndi a kagulu kosankhidwa mwamayere.