Status yomwe inafika ku Joni uthenga usanafike

Mwezi wa October ukangoyamba, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za amayi a anthu. Pa 15 ndiye poposa. Aliyense ndi chitenje chatsopano, keke, komanso mawu okoma a tsiku la anakubala. Inenso chaka chilichonse ndimaika chithunzi cha mayi anga. Koma chaka chino ndinayamba ndaima kaye chala chili m'mwamba, chifukwa ndinakumbuka status ina yomwe ndinaika mu June chaka chatha. Zikanakhala zotheka kubweza nthawi, imeneyo ndikanaifufuta munthu aliyense asanaione.

Nkhani yake ndi ya agogo anga, mayi awo a mayi anga. Kwawo kunali ku Dedza, m'mudzi wina womwe umati ukatsika minibasi pamsewu wa M1 umayendanso ndithu wapansi kapena kukwera kabaza. Ndi amene anandilera kuyambira sitandade 1 mpaka 5, nthawi yomwe mayi ankafunafuna pogwira ku Lilongwe. Amene anakhalako ku Dedza akudziwa mmene kumazizirira mu June ndi July. Agogo ankandidzutsa kukadali mdima, madzi osamba atatenthetsa kale, mbatata yootcha ili paphulusa. Ndikachita ulesi ankangoti, "Dzuka iwe, sukulu sidikira munthu." Sanapite patali ndi sukulu, koma Buku Lopatulika ankawerenga bwinobwino, ndipo duku lawo loyera la Chigwirizano silinkakhudzidwa ndi mwana aliyense.

Anasiya ana atatu: malume, mayi anga, ndi mayi aang'ono omwe akhala ku Johannesburg kwa zaka zambiri akugwira ntchito ya m'nyumba. Mayi aang'onowa ndi chitsiriza, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndi amene anali pamtima pa agogo. Malata a nyumba ya kumudzi anagula ndi iwo. Feteleza chaka ndi chaka ankachokera m'thumba mwawo.

Tsiku lomwe agogo anatisiya, msuweni wanga yemwe ankawadikirira kuchipatala anandiimbira cha m'ma 5 koloko m'mawa. Anaimbira ine chifukwa foni yanga ndi yomwe sizima. Ndinalira ndekha m'chipinda changa ku Area 25. Kenako ndinachita zomwe manja anga anazolowera. Ndinatsegula zithunzi, n'kusankha chomwe tinajambulitsa tsiku lomwe ndinalandira digiri, agogo atavala chipewa changa chija akuseka. Ndinalemba kuti RIP, kamtima kosweka, basi n'kutumiza. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe. Sipanathe ngakhale theka la ola chimvereni uthengawo.

Sindinadzifunse kuti kodi ndani wamva, ndani sanamve. M'mutu mwanga maliro anali anga.

Patangopita mphindi zochepa foni inalira, nambala ya ku Joni. Anali mayi aang'ono. Mawu awo anali otsika kwambiri, moti poyamba ndinkaganiza kuti ndi netiweki.

"Mwanangu, walembazi ndi za ndani?"

Ndinasowa choyankha. Anafunsanso kachiwiri. Nditangoti, "Amayi, pepani," ndinamva kukuwa, kenako foni inaduka. Anali m'taxi, akupita kuntchito.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti malume anali atakonza kale dongosolo. Anali ataimbira mayi wina wa kwathu konkuno yemwe amapemphera limodzi ndi mayi aang'ono ku Joniko, kuti apite akawapeze, akhale nawo pansi, kenako malume aimbe foni awauze okha. Mayiyo anali adakali m'njira. Status yanga inamupitirira.

Mwina ena mwa inu munakulira m'tauni ngati mmene ndathera inemu, ndiye ndifotokoze pang'ono. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Munthu akamwalira, eni mbumba ndi amene amayamba kudziwa, ndipo kwa ife Achewa ameneyo ndi malume. Iwo amakauza amfumu, chifukwa manda ndi a mfumu ndipo adzukulu sangayambe kukumba popanda chilolezo. Akumpingo amauzidwa. Kwa achibale akutali kumapita munthu, ndipo munthuyo akafika sayambira pakhomo kulengeza. Amalandiridwa, amakhala pansi, amapatsidwa moni. Nthawi zambiri amayamba ndi kunena kuti matenda akula, tiyeni kumudzi, ngakhale akudziwa kuti zinthu zatha kale. Ndili mwana ndinkaona ngati limeneli ndi bodza lopanda ntchito. Pano ndikuona kuti akuluakulu ankadziwa chinthu chimodzi: munthu asamve za imfa ya mayi ake ali yekha, ataimirira, popanda womugwira.

Mwambo unadikira mayi aang'ono. Basi yochokera ku Joni imadutsa ku Beitbridge, n'kuoloka Zimbabwe yense, kulowa Mozambique, kudutsa pa Tete, kenako n'kudzatulukira pachipata cha Dedza. Ndi ulendo wa pafupifupi masiku awiri, ukaphatikiza kuima m'maboda. Ulendo wonsewo anauyenda ali ndi chithunzi changa chija m'maso.

Atafika, masamba anali ataikidwa kale pamsewu wolowera m'mudzi. Analowa m'nyumba ya siwa akulira, amayi a Chigwirizano n'kuwalandira ndi nyimbo. Usiku tinagona pamaliro, azibambo panja pamoto, azimayi m'nyumba. Mawa lake tinaperekeza agogo. Zonse zinayenda mwadongosolo: amfumu analankhula, chipepeso chinawerengedwa, china chobwera pamanja, china pa Airtel Money ndi Mpamba. Koma masiku onse omwe mayi aang'ono anakhala pamudzi, kwa ine anangopereka dzanja kamodzi. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ine ndinayamba kudziteteza mumtima. Ndinkati, kodi si agogo anga? Si ine amene anandilera? Aliyense amaika status masiku ano, nanga cholakwa changa n'chiyani? Usiku wina titabwerako kumanda, ndinawauza mayi anga zimenezi tili awiri kukhitchini. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akusonkhezera moto.

"Iwe wataya agogo," anatero. "Ife tataya mayi. Kuyambira lero palibenso wonditchula kuti mwanangu. Unandifunsako kuti ndili bwanji?"

Ndinali ndisanawafunse. Masiku atatu onsewo ndinali ndikuyankha mauthenga a anzanga, kuthokoza aliyense wolemba kuti pepa aise, kuwerenga kuti aona status ndi angati. Anthu oposa 200 anaona chisoni changa. Mayi anga ondibereka, omwe ndinagona nawo mphasa imodzi, chawo sindinachione.

Akuluakulu amati maliro n'kulirana. Ine ndinkamva mwambiwu ngati ukunena zopita kumaliro a anzako kuti nawonso adzabwere kwako. Usiku umenewo ndinaumva mwina. Pamaliro pamakhala olira ambiri, ndipo ena chilonda chawo n'chachikulu kuposa chako.

Sindikunena kuti kuika chithunzi cha wokondedwa wathu pa intaneti ndi tchimo, ayi. Kwa ambiri a ife, anzathu ali m'foni. Uthenga wa tsiku loika maliro umafika msanga, thandizo limabwera kuchokera kwa anthu omwe sukanawafikira ndi phazi. Ngakhale mawayilesi akhala akulengeza mauthenga a maliro kuyambira kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti uthenga wa pawayilesi umapita banja litagwirizana, pomwe status imapita munthu mmodzi akangomva kupweteka. Ndiye ngati tsiku lina zidzakuonekerani, ndipo zidzaoneka ndithu, imbirani kaye malume kapena aliyense amene akuyendetsa zinthu. Funsani ngati ana onse a malemu amva, makamaka omwe ali kunja. Dikirani mpaka banja linene kuti tsopano mutha kuuza anthu. Ndipo chithunzi cha bokosi, cha nkhope ya malemu, kapena cha munthu akulira mogudubuzika, chisiyeni. Amene akulirayo sanakupempheni kuti mumuonetse kudziko.

Chaka chonse chinatha ine ndi mayi aang'ono tisakulankhulana bwino. Ndikalemba moni, ankayankha kuti tili bwino, basi. Pagulu la banja la WhatsApp tinkakumana pa nkhani imodzi yokha, yosonkha ndalama za chiliza. Apo napo panali mikangano yake: ena ankafuna mwala wa mtengo wapatali, ena ankati simenti ndi matailosi zikwana, malume n'kumakumbutsa kuti anthu obwera adzafunikanso kudya. Tinagwirizana zomanga mu August chaka chino, nthawi yopanda mvula, anthu atakolola.

Mayi aang'ono anabweranso. Madzulo a tsiku loti mawa tikaona chiliza, azimayi anali kuseri kwa nyumba akukonza thobwa. Ine ndinkangozungulira ndi foni, kufuna kujambula. Ndinangomva, "Iwe, siya chimenecho, tagwira mthikowu."

Anali iwo. Ndinaika foni m'thumba n'kugwira mthiko. Phala linali mumgolo waukulu, ndipo kulitakasa sikunali kwamasewera. Anandionetsa mmene amadikirira kuti lizizire kaye asanathire chimera. Ukathira lili lotentha kwambiri, chimera chimafa mphamvu ndipo thobwa silitsekemera. Anaviika chala, n'kundiuza kuti nanenso ndiviike, kuti ndidziwe kutentha kwake. Atathira chimera n'kutakasa, phala lolimba lija linayamba kusungunuka ndikuona. Anati ligone choncho, m'mawa tiliwiritsanso.

"Amayi ankatero," anatero. "Ankati thobwa silifuna munthu wothamanga."

Azimayi ena atapita kukagona, tinatsala awiri. Ndinagwada pafupi nawo.

"Amayi, ndinakulakwirani. Sindinaganize. Ndikhululukireni."

Anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anandiuza zomwe anali asanauzepo aliyense. Anati atangoona chithunzi chija ankaganiza kuti ndi tsiku lobadwa la agogo lomwe aiwala, mpaka anamwetulira. Kenako anawerenga zilembo zitatu zija. M'taximo munali anthu odzaza, onse achilendo, olankhula zinenero zawo. Analira mokweza, anthu n'kumangowayang'ana. Anatsika pamalo osadziwa, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu mpaka mayi wa kutchalitchi uja anawapeza.

"Sindinakwiye chifukwa unalemba," anatero. "Chinandipweteka n'chakuti anthu osawadziwa amayi anamva ine ndisanamve. Ine amene ndinayamwa komaliza."

Tinalira tonse. Kulira kwanga koyamba kwenikweni kunali kumeneko, patatha chaka ndi miyezi iwiri. Kenako anayamba kundiuza nkhani. Mmene agogo ankayendera wapansi kukagulitsa mbatata kumsika kuti malume alipire fizi. Mmene anakanira kukwatiwanso agogo aamuna atamwalira. Mmene anawabisira ndalama m'mpango tsiku lomwe ankanyamuka ulendo woyamba wa ku Joni, n'kuwauza kuti asatsegule mpaka awoloke malire. Ndinakhala ndi agogo zaka zisanu, ndinkadziona ngati ndimawadziwa kuposa aliyense, koma zonsezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinkadziwa agogo. Mayi amene analera ana atatu yekha ndinamudziwira usiku umenewo, pafupi ndi mgolo wa thobwa.

M'mawa mwake tinapita kumanda. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, dzina la agogo linaonekera ndi zaka zawo. Anthu anamwa thobwa n'kuyamikira. Sindinajambule chilichonse mpaka malume atanena okha kuti tiyeni tijambulitse, ndipo chithunzicho chinapita pagulu la banja lokha.

Atabwerera ku Joni, mayi aang'ono ananditumizira voice note. Ndinkaganiza kuti akundiuza kuti afika bwino. Nditatsegula ndinamva tambala akulira, kenako chifuwa chomwe ndimachidziwa. Anali agogo. Anajambula pafoni ya msuweni wanga miyezi ingapo asanadwale. Ndi masekondi 40 okha. Akufunsa ngati ku Joni kwayamba kuzizira, akuti azivala juzi, akudandaula kuti mbuzi za aneba zalowanso m'dimba. Chakumapeto akuti, "Uja wa ku Lilongwe uzimuimbira, amakhala yekha."

Ndamvetsera kambirimbiri. Ndinaisunga m'malo atatu, kuopa tsiku lomwe foni idzabedwe kapena kufa. Status imafufutika pakatha maola 24, koma iyi ndikufuna ana anga adzaimve. Kangapo konse mtima wandiuza kuti ndiike pa Facebook anthu amve mawu a agogo anga, koma sindinatero. Sanalankhule ndi anthu. Analankhula ndi mwana wawo, ndipo mwana wawoyo anandigawirako.

Ngati muli ndi agogo kapena mayi omwe adakali moyo, ajambuleni mawu, atalola. Afunseni za ubwana wawo, za mmene anakumanirana ndi agogo aamuna, za mayina a makolo awo, za kaphikidwe ka chinthu chomwe mumachikonda. Ngati anapita kale, pitani kwa amene anatsala. Mayi anu, azakhali anu, malume anu ali ndi mbali ya nkhani yomwe inu mulibe, ndipo mwina akungodikira wina awafunse.

Pa 15 October chaka chino, ndisanatsegule zithunzi, ndinaimba mafoni awiri. Yoyamba kwa mayi anga. Ndinawafunsa kuti ali bwanji, ndipo ndinadikira yankho lonse, ngakhale linatenga nthawi. Yachiwiri ku Joni. Mayi aang'ono anayankha ali m'taxi, phokoso lili tho.

"Mwanangu," anatero, "wadya?"