Katemera wa chikuku ndi kawiri, osati kamodzi

Manong'onong'o amene akumveka pa msika wa Migowi, ku Phalombe, sabata ino atikhumudwitsa. Ena akuti katemera wa chikuku wa masiku ano, wophatikiza ndi wa rubella, ngwamphamvu kwambiri kwa khanda, wabwino anali wakale uja. Ena akuti jakisoni wa pa miyezi 9 ngwokwanira.

Tikumumvetsa mayi amene mtima umamuthamanga mwana akatentha thupi kapena kutuluka tinsungu patapita sabata chibayitsireni. Zimenezi zimachitika, zimatha zokha m'masiku ochepa, ndipo zinkachitikanso ndi katemera wakale. Wophatikizawu, wotchedwa MR, amene dziko lino lidayamba kupereka mu 2017, amateteza ku chikuku mofanana ndi wakaleyo, komanso amatchinjiriza rubella, nthenda imene imapundula mwana akadali m'mimba mayi woyembekezera akaidwala.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kubayitsa kamodzi ndi kawiri. Jakisoni wa pa miyezi 9 amagwira mwa ana pafupifupi 85 pa 100 alionse. Otsalawo amadikira wachiwiri wa pa miyezi 15.

Apa ndiye pali dandaulo lathu la masiku onse, ndipo tatopa kulibwereza. Mwana akangoyamba kuyenda, kabuku ka kusikelo kamakankhidwira kunsi kwa mphasa, basi ulendo watha. Abambo, inu amene njinga simuisowa popita kumsika kapena kukaonera mpira, imasowa bwanji tsiku la sikelo? Kodi mwanayo ndi wa mayi yekha? Umenewu ndi ulesi, ndipo manyazi akugwireni.

Mwaiwala kale 2010? Chaka chimenecho chikuku chidagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno, n'kupha oposa 300. Nthendayi imachititsa khungu, imabweretsa chibayo, ndipo imayenda mu mpweya mofulumira kotero kuti mwana mmodzi wodwala atha kupatsira anzake oposa 10. Wofalitsa bodza pa katemera akuseweretsa moyo wa mwana wa mnzake, pomwe akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafumu a ku Phalombe ndi atsogoleri a mipingo asakhale chete. Aitane alangizi a zaumoyo pamisonkhano yawo, makabuku aonedwe khomo ndi khomo. Kholo lililonse litsegule kabuku lero lomwe. Ngati malo a jakisoni wachiwiri ali osalemba, mwanayo apite kuchipatala sabata ino, ngakhale miyezi 15 idapitirira kale. Katemerayo ngwaulere.