Morphine si mdani wa odwala

Anzanga, khansa ikafika m'mafupa, panado sathandiza ayi. Apa pamafunika morphine, mankhwala ochokera ku chomera cha opium poppy. Morphine amakagwira maselo a mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, n'kufooketsa uthenga wa ululu.

Bungwe la WHO linaika morphine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 1977. Komabe mu 2017, lipoti la Lancet Commission linapeza kuti theka losaukitsitsa la anthu padziko lapansi limalandira mankhwala amtunduwu osakwana 1 peresenti. Chifukwa chimodzi ndi mantha: ukamamwa morphine mwachisawawa sutha kumusiya, ndipo akachuluka amaletsa kupuma. N'chifukwa chake malamulo ake ndi okhwima.

Ine ndikuti mantha amenewa apyola muyezo. Taonani Uganda: mu 2004 analola anamwino ophunzitsidwa kulembera odwala morphine wamadzi, kuti akumudzi asamadikire dokotala. Kaundula ndi kabati yokhoma zikhalepo, eya, koma loko asatsekere kunja munthu amene akubuula usiku wonse. Mawa anamwino ndi madokotala mudzakhala inuyo. Ululu wa wodwala musadzauchepetse.