Mabuku Amasiye Asafere M'kabati

Mu Disembala 2015 moto unapsereza nyumba yosungiramo mabuku ya Mzuzu University. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula nyumba ndi kukokolola katundu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Pepala silipirira moto, madzi kapena chiswe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nchifukwa chake osunga mabuku ayenera kujambula zolembedwa zakale ndi kuziika pa kompyuta nthawi ikadalipo.

Koma ena mwa iwo akuzengereza, ati akuopa lamulo. Lamulo la Malawi la 2016 loteteza eni ntchito zaluso limateteza buku pa moyo wonse wa mlembi ndiponso zaka 50 iye atamwalira. Tsono pali timabuku, nyimbo ndi zithunzi zimene eni ake sapezeka: mphunzitsi amene analemba nthano za Chilomwe, katekisti amene anapeka nyimbo, wojambula amene anatola zithunzi za anthu othyola tiyi. Sitidziwa kumene anapita, kaya chaka chimene anamwalira. Popeza palibe womupempha chilolezo, wosunga mabuku amangotseka kabati nati, "Bola ndisapalamule mlandu."

Abale anga, kumeneku si kulemekeza lamulo ayi, ndi mantha chabe. Lamulo lija linaikidwa kuti mlembi adyerere thukuta lake. Nanga adyerera chiyani buku lake likadyedwa ndi chiswe, dzina lake nkuiwalika?

Palinso ena olakwa kumbali inayo, amene amati chopanda mwini nchawo, natenga ntchito ya munthu wosauka, kufufuta dzina lake ndi kuigulitsa. Kumeneko nkuba basi. Mwini wosapezeka ndi mwini ndithu.

Njira yowongoka ilipo. Maiko a ku Ulaya anagwirizana mu 2012 kuti nyumba za mabuku zingathe kuika ntchito zotere pa kompyuta zitayamba zafunafuna mwini mwakhama. Ifenso tiyambe ndi kufunafuna. Tifunse ku COSOMA, bungwe loyang'anira ufulu wa eni zaluso, ndi ku National Archives ku Zomba. Koma koposa tifunse nyakwawa, akuluakulu a mpingo ndi anthu a Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, pakuti kwathu kuno munthu sasowa mbumba. Tilembe onse amene tawafunsa ndi tsiku lake. Mwini akapanda kupezeka, bukulo lijambulidwebe kuti lisatayike, dzina la mlembi lili pamwamba, popanda kuchita nalo malonda. Mdzukulu akadzatulukira, timumvere: afuna malipiro, tikambirane, afuna lichotsedwe pamaso pa anthu, tilichotse. Ndipo aphungu athu aunikenso lamuloli kuti wochita zonsezi mokhulupirika asamagone ndi nkhawa.

Inu makolo, tsegulani masutikesi a agogo. Mukapezamo kabuku kapena chithunzi chakale, lembani dzina la mwini wake ndi mudzi wake lero lomwe, akulu odziwa akadali moyo.